Mango, chambiko ndi chipukuso: lassi wa pa Benga

Kuseri kwa nyumba yathu pa Benga kuli mitengo itatu ya mango, iwiri ya kalisere, umodzi wa boloma. Palibe wamoyo lero amene anaiona ikubzalidwa. Disembala akafika, usiku wonse timamva mango akugwa padenga la khitchini, gu! pamalata, kenako n'kugubuduzika mpaka pansi. Kukacha, ntchito yoyamba ya adzukulu anga ndi kutola. Amadzaza beseni loyamba, lachiwiri, tsiku lina ndi ndowa yomwe. Timadya, timagawira anansi amene nawonso ali ndi awo, ena timakaunjika m'mbali mwa msewu wa M5 kudikira apaulendo a ku Salima ndi ku Nkhotakota. Otsala amawolera pansi pa mtengo, njuchi ndi ntchentche zili piringupiringu, fungo lake ngati la masese ogona.

Zimenezi zimandiwawa chaka ndi chaka. Pofika Malichi, ana omwe aja ankaponda mango ndi mapazi amakhala akundipempha ndalama yogulira timadzi tautoto tam'mapepala, shuga ndi fungo chabe. N'chifukwa chake ndikufuna ndikuuzeni za chakumwa chimodzi chimene ndinaphunzira kwa azakhali anga, malemu tsopano. Dzina lake ndi lassi. Kwawo ndi ku India, koma zofunika pochikonza zili kale m'makomo mwathu muno: mango, chambiko, mchere, chipukuso ndi mtsuko. Magetsi safunika.

Azakhali anagwira ntchito zaka zambiri m'khitchini ya banja lina la Amwenye ku Limbe. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi katundu wochuluka. Chimene ndimakumbukira ndi sefa ya waya yozungulira ndi kabotolo ka timbewu tobiriwira tonunkhira, timene sankalola mwana kukhudza. Tsiku limene anandionetsa lassi unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, dzuwa lija loti nkhuku zimangoyasama pansi pa nkhokwe, nyanja ili phee, popanda ndi kamphepo komwe. Tinali pakhonde titangotha kudya nsima ya kondowole ndi usipa.

"Iwe Naphiri, tathamanga pa golosale ukanditengere chambiko."

"Chambiko cha chiyaninso, azakhali, poti nsima tadya kale?"

"Tangopita, mwanawe. Mafunso udzafunse utamwa."

Pobwera ndinawapeza atatsuka kalisere khumi n'kuwayala mu lichero. Ankatenga bango limodzi n'kumalifinya pang'onopang'ono ndi zala, kulitembenuza uku ndi uku osaboola khungu, mpaka lonse litafewa ngati kathumba ka madzi. Ndinazindikira msanga, pakuti ndi mmene tinkachitira tili ana tisanaboole kunsonga ndi mano n'kuyamba kuyamwa. "Amwenye nawonso amatero," anatero azakhali osadzutsa mutu. "Usamaganize kuti mango anayambira kwa ife." Akatero ankabudula pamene panali phesi, kutaya timadontho toyamba ta utomoni, n'kufinyira zonse mu sefa imene anaikhazika pakamwa pa poto. Njere ya m'kati nayo ankaikamula m'dzanja mpaka itayera. Ndi kumsana kwa supuni ankasisita mu sefamo, phala lachikasu n'kumatsikira mupoto, ulusi wonse n'kutsalira pamwamba ngati ndevu za chimanga.

Atathira chambiko, kamchere kotsina ndi zala ndi madzi a mumtsuko, anaika chipukuso pakati pa zikhatho n'kuyamba kupukusa monga amachitira pokonza therere. Posakhalitsa pamwamba panayera thovu. Anatenga timbewu titatu m'kabotolo kaja, kuswa makoko ake, kuphwanya tinjere takuda ta m'kati ndi botolo pambale, n'kuwaza pamwamba. Anandipatsira m'kapu ya chitsulo. Kuwawasa kwa chambiko kunali kutaphwanya kutsekemera kwa kalisere kuja kumene kumalemetsa kukhosi, ndipo kuzizira kwake ndinakumva kukutsika mpaka m'mimba. Ludzu linatha, ndipo sindinamvenso njala kufikira dzuwa litalowa.

Lassi kwawo kwenikweni ndi ku Punjab, dera la alimi a tirigu ndi oweta ng'ombe ndi njati zamkaka, limene mu 1947 linagawidwa pawiri, mbali ina ku India, ina ku Pakistan. Kumeneko m'miyezi ya Meyi ndi Juni kumatentha kupyola madigiri 40, ndipo mkaka wokama m'mawa sungafike madzulo usanawonongeke. Choncho anthu anaphunzira kalekale kuuwiritsa ndi kuusasitsa mwadala kuti ukhale chimene iwo amati dahi, mbale wake wa chambiko chathu. Dahi ameneyu amamusungunula ndi madzi n'kumupukusa ndi mtengo wotchedwa madhani. Mwana wanga atandionetsa chithunzi chake pa foni ndinagwira pakamwa, chifukwa ndi chipukuso chathu chomwechi, kungoti chawo n'chachikulupo. Pali lassi wamchere, pali wotsekemera. Wamchereyo ndiye wa tsiku ndi tsiku, amene mlimi amamwa akaweruka kumunda monga ife timachitira ndi thobwa. M'mizinda ngati Amritsar amagulitsa m'makapu aakuluakulu, ndipo m'madera ena amathira m'tizikho tadothi totchedwa kulhad, timene ukatha kumwa umangotaya kuti tibwerere kunthaka. Wa mango ndi wa panyengo yake, ndipo watchuka kwambiri m'malesitilanti a Amwenye kunja kwa India, ku London, ku Durban, ngakhalenso ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuno.

Banja limene azakhali ankagwirako ntchito makolo ake anachokera ku Gujarat, monganso Amwenye ambiri amene anakhazikika m'dziko muno. Kumeneko ali ndi chaas, mkaka wosasa wamadzimadzi wothira mchere ndi zokometsera, womwera pambuyo pa chakudya. Ali ndi aamras, phala la mango lofinya ndi manja ngati lija ndafotokozali, lodyera timikate tokazinga. Koma chimene chinandikhudza ine ndi ichi: azakhali ankati adona a panyumbapo sankalola kuti makoko ndi njere za mango zipite kudzala zisanatsukidwe mu mkaka wosasa. Zotsukirazo ankaphika ndi jinja ndi tsabola, n'kukhala msuzi wothira pa mpunga, wotchedwa fajeto. Anthu a ndalama zawo, a sitolo ndi galimoto, koma bango limodzi ankalidyerera mpaka pa njere. Ife osauka n'kumataya mabeseni.

Mtengo wa mangowo ndi mlendo wochokera ku India komweko. Asayansi amautcha Mangifera indica, ndipo ku India ndi maiko oyandikana nawo wakhala ukulimidwa zaka zoposa 4,000. Mpaka lero India ndiye amakolola mango ambiri kuposa dziko lililonse, matani opitirira 20 miliyoni pachaka. Dzina lenilenilo linachokera kummwera kwa India. Apwitikizi, amene anafika ku Calicut ndi Vasco da Gama mu 1498, analimva kumeneko n'kulifalitsa ngati manga. Mbewu yake inaoloka nyanja ya mchere ndi amalonda kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa, kenako inalowa kumtunda kudzera m'njira zija munkadutsa minyanga ndi akapolo. Ife a ku Nkhotakota njira zimenezo timazidziwa. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anamanga likulu lake pagombe lino, zombo zake n'kumaolotsa anthu athu kupita kutsidya osadzabweranso. Mbiri yake ndi ya misozi. Koma mpunga wa faya ndi mitengo ikuluikulu ya mango ya m'mphepete mwa nyanja, akuluakulu amaiwerengera kuyambira nthawi imeneyo.

Amwenye nawo agogo athu anakhala nawo pafupi, akugula nsalu, mchere ndi makasu m'sitolo zawo pa maboma ndi m'misika ya kumidzi, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu Banda linalamula kuti asamukire m'mizinda. Anatisiyira samusa, chapati, achali wa mango aawisi, ndi liwu lija la lupiya limene okalamba amatchulabe. Lassi sanatsale nafe. Ine ndimaganiza kuti n'chifukwa chakuti chinali chakumwa cha m'nyumba, chosagulitsidwa pa kauntala, ndiye ochiona anali okhawo olowa kukhitchini ngati azakhali. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo aka kanatipitirira, koma sikanabunthe.

Tsopano kakonzedwe kake. Tiyambe ndi mango. Mukaonera makanema a pa intaneti mudzamva akutchula Alphonso wa ku Ratnagiri kapena Kesar wa ku Gujarat, mango opanda ulusi, ofewa ngati mapeyala. Musagwe nazo mphwayi. Ngati pakhomo panu pali mitengo yomezanitsa, Kent ndi Keitt ali ndi mnofu wambiri ndi ulusi wochepa, mumangosenda, kuduladula ndi kukanya ndi foloko. Tommy Atkins ndi wokongola khungu, koma kukoma kwake kumandiperewera. Boloma awiri kapena atatu amakupatsani phala lofanana ndi la kalisere khumi, ndiye amapulumutsa nthawi. Koma mukandifunsa ine, palibe woposa kalisere wopsera mumtengo. Ndi wamng'ono, ulusi wake ndi wotopetsa, komatu fungo lake silimira mu chambiko. Ine ndimasakaniza: boloma mmodzi wochulukitsa phala, kalisere asanu kapena asanu ndi mmodzi obweretsa fungo.

Nunkhizani pa phesi. Bango lakupsa limanunkhira pamenepo lisanadulidwe. Lovundika likadali lanthete limafewa ndithu, koma limawawasa, ndipo mudzangotha shuga pofuna kubisa. Logwa n'kuphulika, lodyedwa ndi mileme, lokhala ndi kadontho kakuda pofewa, lisiyeni. Kadontho kameneko nthawi zambiri ndi pamene ntchentche ya zipatso inaikira mazira, ndipo m'kati mumakhala mphutsi. Tsukani bwino lililonse musanalifinye. Utomoni wa pa phesi ndi umene umatentha milomo ya ana n'kuwasiyira zilonda m'mbali mwa kamwa, choncho timadontho toyamba tija titayeni monga ankachitira azakhali.

Za ulusi musachite ulesi. Ngakhale amene ali ndi makina ogayira zipatso a magetsi ayenera kusefa, chifukwa makina amangodula ulusiwo tizidutswa timene timakakamira kukhosi. Ngati mulibe sefa, wiritsani kansalu koyera kopyapyala, thiranimo phala, mangani ngati kachikwama n'kufinya. Ndi pang'onopang'ono, koma zimatheka.

Kumene Benga amaperewera ndi ku mkaka. Ife ndife anthu a nsomba, chinangwa ndi mpunga. Ng'ombe zamkaka zili ku Thyolo, ku Chiradzulu, ku Mulanje, kufupi ndi Lilongwe ndi Dedza, ndi kuzungulira Mzuzu. Kuno n'zowerengeka, ndipo midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota yavutika kuyambira kale ndi akashembe amene amadwalitsa ziweto ndi anthu omwe. Choncho njira yapafupi ndi chambiko cha m'paketi, cha theka la lita, kumagolosale amene ali ndi filiji. Yang'anani tsiku lothera. Paketi yotupa ngati chibaluni isiyeni pomwepo, pakuti inatenthedwa panjira kapena magetsi atazima. Yogati wosathira kanthu ndi wabwinonso, ndipo ndiye woyandikira kwambiri dahi wa Amwenye. Koma yogati uja wa utoto wofiirira, wothira kale shuga ndi fungo la zipatso zina, amapha kukoma kwa mango.

Musayese ndi mkaka wosasasa. Ine ndinayesapo chaka china alendo a kutchalitchi atandidzidzimutsa, chambiko chitasowa pamsika ponse. Ndinathira mkaka wamba mu phala la boloma wowawasa pang'ono, ndipo pomwe ndimati ndiwapatse, n'kuti zitachita mibulumibulu, madzi padera. Ndinawaphikira tiyi, mtima ukuwawa chifukwa cha mkaka wotayika. Chifukwa chake n'chakuti asidi wa m'zipatso amaundanitsa mkaka wa lero mwadzidzidzi. Chambiko ndi yogati zinasasa kale mwadongosolo, ndiye zimalandira mango popanda vuto.

Njira yotsika mtengo kwa banja lalikulu ndi kudzipangira nokha, ndipo kutentha kwathu kuno kumatithandiza. Tengani lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi, muuwiritse mpaka utukuke, mukutakasa kuti usapserere. Kuwiritsaku sikodumpha, chifukwa mkaka wosaphika umatha kupatsira chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Ngati ndi waufa, sungunulani kapu imodzi yodzaza bwino mu lita ya madzi, muwiritsenso. Onetsetsani kuti ndi mkaka weniweni wokhala ndi mafuta ake onse. Ufa uja woyeretsera tiyi, wopangidwa ndi mafuta a zomera, si mkaka, ndipo ngakhale muudikire masiku atatu sugwirana. Mukaphula, usiyeni uzizire mpaka pamene dontho lake pamkono likumveka lofunda koma losawotcha. A sayansi amati ndi madigiri 43 mpaka 45. Pamenepo thirani masupuni aakulu awiri a yogati wosathira kanthu, takasani kamodzi, vindikirani, kulungani poto ndi chitenje kapena bulangete, muike pangodya pamene palibe womugwedeza. M'nyengo yotentha, maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu amakwana. Mukayambira pa chambiko, mkaka uzizire ndithu, ndipo musiye usiku wonse.

Mukavundukula mudzapeza wagwirana ngati phala lozizira, pamwamba pali timadzi tachikasu. Timadzito musataye, tilowe momwemo. Amene agwira ntchitoyi ndi tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene timadya shuga wa mumkaka n'kumusandutsa asidi. Asidi ameneyu ndiye amaulimbitsa, kuupatsa kuwawasa, ndi kuletsa tizilombo toipa kuswana msanga. N'chifukwa chakenso anthu ambiri amene m'mimba mumawabangula akamwa mkaka wamba amamwa chambiko popanda vuto. Musanagwiritse ntchito, patulani masupuni awiri m'kabotolo koyera, akhale mbewu ya mawa. Amwenye mbewu imeneyi amaitcha jaman, ndipo azakhali ankati ikatha, adona ankawatuma ndi kambale kukapempha kwa anansi, monga ife timapalirana moto. Mbewu ikayamba kununkha moipa kapena kuchita ulenda, itayeni mukagule yatsopano.

Tsopano muyezo, wa anthu anayi. Makapu awiri a phala la mango losefa, makapu awiri a chambiko kapena yogati, ndiye kuti paketi imodzi ija, ndi madzi ozizira theka la kapu mpaka kapu imodzi malinga ndi mmene mukufunira kulimba kwake. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Anthu amadabwa ndi mcherewu, koma ndi umene umadzutsa kutsekemera kwa mango, monga timachitira podya aawisi. Shuga azibwera pomaliza, mutalawa. Ngati kalisere ndi wopsa bwino, supuni imodzi kapena awiri akwana, ndipo nthawi zambiri ine sindithira n'komwe. Shuga wathu wa ku Dwangwa ndi wabwino, koma lassi si Sobo. Yambani kupukusa chambiko chokha kuti mibulu ithe, kenako muthire phala, madzi pomaliza. Mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka thovu. Wopanda chipukuso athire zonse mu botolo la pakamwa papakulu lotsuka bwino, atseke, akhutchumule mwamphamvu.

Timbewu tonunkhira tija m'masitolo amalemba cardamom, Amwenye amati elaichi, a ku Tanzania amati iliki. Timapezeka m'masitolo a zokometsera ku Lilongwe ndi ku Limbe, ndipo n'todula, koma titatu timakwanira poto yense. Tikasowa, kajinja kopala pang'ono kapena kasinamoni kumapeto kwa supuni kamagwira ntchito. Popanda chilichonse mwa izi lassi amakhalabe lassi.

Pa madzi ndiye ndikufuna mundimvetsetse. Nyengo ya mango ndi nyengo yomweyo ya mvula yoyamba, pamene zitsime zimalowa zonyansa ndipo kolera amayamba kuyenda. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, woopsa kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri yathu, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, Nkhotakota ndi Salima pamodzi, anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Tinaika maliro ndi manja athu. Lassi saphikidwa, choncho chilichonse cholowamo chimafika m'mimba mwa mwana mmene chilili. Madzi akhale owiritsa kapena othira klorini, ngakhale achokere pamjigo. Sambani m'manja ndi sopo, chifukwa ndi manja omwewo amene akukamula njere. Sefa, poto ndi chipukuso zitsukidwe ndi madzi otentha. Ndipo ayisi wa zigulugulu uja amagula ogulitsa nsomba asalowe m'kapu. Ngati muli naye, mizanimo botolo lotseka, osati kumuponya mu chakumwa.

Kuziziritsa popanda filiji n'kosavuta. Madzi owiritsa agone mumtsuko usiku wonse. Mango nawo muwamize m'madzi ozizira kuyambira m'mawa. Mukatha kupukusa, thirani mu botolo, likulungeni ndi chiguduli chonyowa, mulipachike pamthunzi podutsa mphepo. Pakatha theka la ola mudzamva kusiyana. Koma musasunge. Kuno kotentha, lassi wa masana asafike madzulo, chifukwa amapitiriza kusasa, n'kuyamba kutuwa ndi kuchita mpweya. Mu filiji amagona tsiku limodzi basi.

Kuchipatala ndi kusikelo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo kwa ife a kunyanja gulu la zipatso limabwera mwa chigumula miyezi itatu, kenako zii. Kapu imodzi ya lassi ili ndi chipatso, ili ndi chakudya chochokera ku nyama, ili ndi mafuta pang'ono. Mafutawo ndi ofunika, chifukwa chikasu chija cha m'mango thupi limachisandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo, koma limachiyamwa bwino pakakhala mafuta. Mkaka umawonjezera zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Sindikunena kuti kapu ya lassi ithetsa zimenezo. Ndikunena kuti Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, mwana n'kumaswera mango okhaokha m'mimba mopanda kanthu, ndipo mango omwewo atasakanizidwa ndi chambiko amakhala chakudya chogwira m'mimba. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi la bere lokha. Wopitirira pamenepo angalawe masupuni ochepa, opanda shuga, mchere kapena uchi. A matenda a shuga amwe kakapu kakang'ono kosathira kanthu, pakuti mango ali kale ndi shuga wake.

Ndimamvabe amayi ena akukalipira ana kuti mango abweretsa malungo. Mango alibe mlandu. Amangopsa pa nthawi imene mvula yadzaza zithaphwi ndipo udzudzu waswana. Kutsegula m'mimba nako kumachokera ku mango otola pansi osatsuka ndi ntchentche zotera pakamwa pa mwana. Gonani m'masikito, tsukani chipatso, ndipo mwanayo mulekeni adye.

Nanga mango akatha? Amene ali ndi filiji yowumitsa asefe phala lambiri mu Disembala, athire m'timapepala ta pulasitiki, aumitse. Limakhala miyezi ingapo. Enafe tingayanike: kusenda, kulenga mopyapyala, kuyala pathandala loyera ndi kuphimba ndi neti. Ouma bwino mumawaviika usiku m'madzi owiritsa, m'mawa n'kukanya. Ndinene zoona, kuyanika kuno n'kovuta mvula ikakhazikika, chifukwa amachita nkhungu asanaume. Oyamba kupsa a mu Novembala, dzuwa likadali lamphamvu, ndiwo amatheka. Kampani ya Malawi Mangoes ku Salima imaumitsa ndi makina n'kutumiza kunja, umboni wakuti chipatso timapondachi ena amachilipira ndalama zambiri. Ndipo Okutobala akafika, mango asanapse, kutentha kuli pachimake, kumbukirani lassi wamchere uja wa alimi a ku Punjab: chambiko kapu imodzi, madzi kapu imodzi, mchere pang'ono, kupukusa. Bambo a kunyumba kwanga akabwera kunyanja m'mawa atagwira usipa usiku wonse, amafuna ameneyo asanagone.

Amayi anzanga a kubanki m'khonde andifunsapo ngati angamagulitse lassi m'mabotolo monga thobwa. Ndimawayankha kuti inde, koma mkaka si chimera. Thobwa limapirira dzuwa, lassi ayi. Pamafunika bokosi lozizira, mabotolo otsuka ndi madzi otentha, ndi mtima wotaya zotsala madzulo m'malo mozisakaniza ndi za mawa. Wosakonzeka kutero ayambe wakonzera banja lake.

Sefa ya azakhali idakalipo, yapachikidwa pa msomali kukhitchini kwanga, waya wake ndinasoka kale kawiri. Mdzukulu wanga wamkulu, wa Sitandade 6, tsopano amafinya kalisere mofulumira kuposa ine, ndipo ndi iye amene amakumbutsa kuti madzi a mumtsuko awiritsidwe madzulo. Inu amene muli ndi mtengo wa mango pakhomo, kaya ndi ku Benga, ku Chia, ku Khombedza kapena ku Mangochi, chaka chino musadikire kuti onse awolere pansi. Sankhani khumi opsa bwino, muwatsuke, tumani mwana paketi imodzi ya chambiko, wiritsani madzi, tulutsani chipukuso. Kapu yoyamba mumupatse wamng'ono wa pakhomopo.